Mwala wa Bilan

Adeni, 9 Malichi 1958

Amayi anga okondedwa, ndi inu achimwene a Dirir amene mukuwawerengera kalatayi,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu. Kuno tonse atatu tili bwino, kaya inu ku Zeila? Bondo la amayi likuti bwanji? Achimwene, musadumphe mawu powerenga monga muja mumachitira mukafuna kubwerera msanga ku makina anu osokera. Ndidzawafunsa amayi.

Nkhani ndi iyi: Bilan wayamba kuyenda. Lachisanu lapitali anadzuka pamphasa n'kulunjika pa ketulo ya tiyi, akudzandira ngati munthu wongotsika m'chombo, ndipo bambo ake, a Warfa, anaphwanya kapu pothamangira kukamugwira.

Tsono nthawi yobweza mwala yakwana. Amayi, simunaiwale tsiku lija munanditengera ku mabwinja a Garbo, mimba yanga yachiwiri itangopita padera. Ine sindidzaiwala. Tinadutsa chigwa cha mchere m'mawa wonse, achimwene n'kutsalira pachipata chogumuka chija poti amuna salowa. Mzikiti wopanda denga uja ndimaulotabe, khoma lake mabowo okhaokha, chiliza cha Siti Nuriya chili phee pakona. A Ebyan, agogo osunga malowo, anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Sankha mwala umodzi pakhoma, uzule wekha. Siti anali mwana wa sulutani, anamanga mzikiti uno ndi chuma chake, koma ana ake onse anawaika m'manda. Ndiye amangobwereka, sapatsiratu. Mwana akadzayenda, mwala ubwerere pakhoma m'nsalu yofiira." Nditafunsa za mulu wa miyala uli kumapazi kwa chiliza, inu amayi munanditsina. Ndinadzamva pobwerera kuti imeneyo ndi miyala ya ana amene sanakhale moyo, yobwera m'nsalu yoyera, ndipo kuti ana amenewo amawalera Siti mwiniwake.

Ndimakumbukiranso mmene munasisitira mwala wanu uja wam'munsi, wokhala ndi kansanza kosuluka pambali, n'kunena kuti, "Uyu ndine. Agogo ako anandibweza pano mano asanakwane m'kamwa." Ndinaseka, koma maso anga anabwerera kumulu uja.

Mwala wanga wakhala kunsi kwa pilo nthawi yonseyi. A Warfa, pokhala mwana wobadwira m'tauni, amauseka. Amati ndinakwatiwa ndi amuna awiri, iwo ndi mwala, ndipo mwalawo ndiwo umagona malo abwino. Komabe avomera kupita nawo kudoko mawa kukaupereka kwa a Saleh, mwini chombo uja amanyamula zipatso za tende. Kalatayi idzera ku positi chifukwa ikuyenera kufika msanga kuti mudziwiretu. Mwalawo ndaukulunga m'kansalu kofiira komwe ndinang'amba ku chovala changa cha ukwati. Musadabwe kuti kada, Bilan amakatafuna.

Amayi, mukaubweze ndi dzanja lanu, ndipo mukamuthokoze Siti m'malo mwanga. Mtima wanga sukhala pansi mpaka nditamva kuti mwala uli pakhoma. Mundilembere msanga, mundiuzenso ngati mvula yayamba.

Mwana wanu,
Ladan


Zeila, 2 Epulo 1958

Mlongo wanga Ladan,

Mulungu akupatse mtima wopirira, iwe pamodzi ndi alamu a Warfa. Ndakhala ndi pepalali kuyambira m'mawa, sindikudziwa poyambira.

Mwala tinaulandira. A Saleh anabwera nawo kushopu kwanga chombo chitangokocheza, ndipo nditangoona phukusilo ndinasiya kusoka. Ine ndine telala, nsalu ndimaidziwa. Anali bafuta woyera watsopano, wosachapidwapo, wodulidwa ndi sizasi ya m'sitolo. Munthu sagula nsalu yotere mwangozi. Ndinawafunsa a Saleh kuti, "Kalata ili kuti?" Iwo anati, "Palibe kalata. Anandipatsa padoko ndi mwamuna wake, ali pa changu, sananene zambiri." Ndinati, "Nanga mwana?" Anangotambasula manja. Pamenepo ndinamvetsa kuti unalibe mphamvu zolembera, ndipo sindikukuimba mlandu.

Maso a amayi ukuwadziwa mmene alili. Anaufungatira mwala uja, anaupapasa, kenaka anafunsa kuti, "Dirir, nsaluyi ndi ya mtundu wanji?" Ndinafuna kunama. Iwo anati, "Wachedwa kuyankha, ndamva." Sanalire nthawi yomweyo. Anapita kukakhala pakhomo mwala uli pamiyendo, mpaka azimayi anzawo anasonkhana okha. Tinapha mbuzi ya sadaka, shehe anabwera kudzachita duwa, pemphero lopempherera womwalira, ndipo anthu ambiri akupereka chipepeso kwa iwe.

Lachinayi tinapita ku Garbo, amayi pabulu, ine pansi. Ndinaima pachipata monga mwa lamulo, koma pamenepo munthu amaona zonse. Dzuwa linali paliwombo, popanda mthunzi, popanda ngakhale khwangwala. Iwe ukudziwa kuti za ku Garbo ine sindizitengera kumtima kwenikweni, shehe amatiuza kuti wopereka ana ndi Mulungu yekha. Koma ndikuuze zoona, mlongo wanga, malo aja amaopsa kwambiri masana kusiyana ndi mmene anthu amaganizira. Mabowo a khoma lija amakhala ngati akukuyang'ana. Mulu uja wakula, tsopano ukufika m'chiuno mwa amayi.

A Ebyan anamasula bafuta uja n'kukamumanga pa mthethe uli kuseri kwa chiliza, womwe wayera ndi nsalu ngati pagwa akakowa. Amayi anagwada, anaika mwala pamwamba pa mulu, n'kunena mokweza kuti, "Siti, uyu ndi Bilan mwana wa Ladan. Tamubweretsa. Mumulere." Mwalawo unagubuduka pang'ono, miyala ina inatsetsereka n'kuuphimba. Phokoso lake lidakali m'makutu mwanga.

Tsono khazika mtima pansi, zonse zoyenera zachitika mwadongosolo. Ukapeza mphamvu utilembere kuti anadwala chiyani, ndipo munamuika kuti. Amayi akuti udye ngakhale usakufuna.

Mchimwene wako,
Dirir


Adeni, 21 Epulo 1958

Achimwene,

Bilan ali moyo. Muwawerengere amayi kawiri mawu amenewa: Bilan ali moyo. Moni ndipereka pambuyo.

Kalata yanu ndinaiwerenga nditaima pakhomo, mwana yemwe mukumulirayo akundikoka chovala kuti ndimupatse tende. Ndinawerenga za mbuzi ya sadaka, za duwa ya shehe, mpaka ndinafika pa mawu a amayi oti "tamubweretsa, mumulere." Pamenepo ndinakhala pansi pomwepo. Kodi kalata yanga ya mwezi wa Malichi simunailandire? Ndinalemba zonse, ndinalemba kuti akuyenda.

Ndinawadikira a Warfa kuti aweruke. Atangolowa ndinati, "Mwala uja munaupereka uli m'nsalu yanji?" Anamwetulira ngati munthu woyembekezera kuyamikidwa. Anati, "Wamva eti? Ndinadziwa kuti apongozi asangalala. Kansanza kako kaja kanali dovu lokhalokha, ndinachita manyazi kuti kapite kumalo opatulika kali chonchija. Ndinapatukira m'sitolo n'kugula bafuta wabwino, wosatchipa ayi." Ndinati, "Kansanzako kali kuti?" Anapisa m'thumba la jekete n'kukatulutsa. Kanali mmenemo nthawi yonseyi.

Ndinawauza tanthauzo la nsalu yoyera. Ndinali ndisanawauzepo chikwatiwire, chifukwa nkhani ya mulu uja sindinkafuna kuitchula m'nyumba muli mwana. Kumwetulira konse kunatha. Anati, "Ndi mwala chabe, Ladan." Koma anapita kukamunyamula Bilan, ndipo sanamutsitse mpaka dzuwa kulowa.

Achimwene, mwamupereka mwana wamoyo. Mwamutchula dzina pamaso pa Siti, mwauza mayi amene anataya ana ake onse kuti uyu ndi wanu, mumulere. Mukuganiza kuti akana? Inu amene mumati simutengera za ku Garbo kumtima, bwanji simunadikire ngakhale sabata imodzi? Nsalu mumaidziwa, inde, koma mlongo wanu simumudziwa? Ine ndikanataya mwana ndikanakhala chete? Mukanandimva kulira muli tsidya linalo.

Pepani, ndikulankhula ndi mantha. Ndaika kansalu kofiira kaja mu envelopu muno. Pitani Lachinayi loyamba kalatayi ikangofika. Mukauchotse mwalawo pamulu, mukaukulunge m'kansaluka, mukaubweze pabowo lake pakhoma, ndipo amayi akamuuze Siti kuti kunali kulakwitsa. Musadikire kuti bondo lipole, bwerekani ngamila ngati bulu sakwanitsa.

Mwana ali bwino, akudya, akusewera. Koma ndasiya kupita kumsika, sindimusiya ndi munthu wina aliyense. Akakhosomola kamodzi ine thukuta thupi lonse.

Moni kwa amayi. Muwauze kuti sindinawakwiyire.

Ladan


Zeila, 17 Meyi 1958

Mlongo wanga Ladan,

Mtendere ukhale nawe, ndi alamu, ndi Bilan amene ndikulemba dzina lake ndi manyazi. Makalata ako awiri anafika tsiku limodzi. Ya Malichi ija inali yonyowa ndi yamatope, akuti lole inatitimira panjira nthawi ya mvula ndipo thumba lina la makalata linaiwalika. Mawu ako owawa ndawalandira, ndi oyenera.

Nditawawerengera amayi kuti mwana ali moyo, anaimirira n'kuyamba nthungululu. Anaidula pakati. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pamene anakumbukira zomwe ananena ku Garbo. Tsiku limenelo sanadye.

Tinapita Lachinayi monga unanenera. Ndikuuza zonse mmene zinayendera, chifukwa ndikakubisira udzamva kwa ena. A Ebyan atamva nkhaniyo anagwira pakamwa. Kenaka anati, "Chiyambire agogo anga kusunga malo ano, palibe anachotsapo mwala pamulu."

Amayi anati, "Palibenso anaikapo mwana wamoyo. Tapatuka, Ebyan."

"Chabwino, Timiro, ndapatuka. Uloze. Ndi uti? Ukatola wa mwana wina wakufa n'kukauika pabowo la mdzukulu wako, ndiye kuti wakonza kapena waononga?"

Ladan, miyala ija ndi yofanana yonse. Yonse ndi ya m'nyanja, yotuwa, yokula ngati chibakera. Chichokere ife kwabwera azimayi ena ndi miyala yawo, ndiponso mbuzi za abusa zimakwera pamulupo n'kumagumula. Amayi anagwada n'kuyamba kupapasa umodziumodzi, ena n'kumaununkhiza, kufuna fungo la lubani wa m'nyumba mwako. Ine ndinakuwa ndili pachipata kuti ayese uliwonse pabowo lako, wokwana bwino ndi womwewo. A Ebyan anandiyankha osanditembenukira kuti, "Atelala, khoma si malaya. Bowolo mvula yalikuza, mwala uliwonse ulowa. Ndipo mwala wa pamulu sukhudza khoma pongoyesa."

Anapapasa mpaka zala zinatuluka magazi. Dzuwa litapendeka ndinawachonderera kuti tizipita. Asanatuluke anawakokera a Ebyan pambali n'kuwafunsa kanthu kena chapansipansi. Sindinamve funsolo, ndinangomva yankho. A Ebyan anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti, "Usayerekeze, Timiro." Panjira ndinawafunsa amayi kuti anafunsa chiyani, anati ndiziyang'ana bulu.

Tsono tabwerako opanda kanthu, kansalu kako kofiira kali pachifuwa pa amayi. Ganiza bwino, kodi mwalawo unalibe chizindikiro chilichonse? Mng'alu, banga, mbali yosongoka? Unagona nawo nthawi yaitali, uyenera kuudziwa. Yankha msanga, mphepo yotentha yayamba kununkhira, anthu ayamba kale kusamukira kumapiri ndi ziweto, ndipo zombo zikokedwera kumtunda posachedwapa.

Mchimwene wako,
Dirir


Adeni, 12 Juni 1958

Amayi, achimwene,

Mtendere ukhale nanu. Kuno kulibe mtendere. Bilan wadwala chikuku.

Chinayamba ndi maso ofiira ndi chimfine, kenaka zidzolo thupi lonse. Zidzolozo zayamba kuzilala koma matenda atsikira m'chifuwa. Akupuma mofulumira ngati kamwana ka mbuzi kothamangitsidwa, ndipo bere akungoligwira osayamwa. A Warfa amamutengera kwa dokotala m'mawa uliwonse kukabayitsa jakisoni. Dokotalayo akuti ana ambiri m'dera lathu lino adwala, si ife tokha. Ndi zoona. Mwana wa mnansi wathu wa khomo loyang'anana ndi lathu anamuika dzana. Koma ana a anthu enawo palibe anawatchula dzina ku Garbo.

Mwandifunsa za chizindikiro. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Ndinkaugwira mwala uja tsiku ndi tsiku, koma sindinkauyang'ana, ndinkauopa. Ndikatseka maso ndikuona mwala wotuwa basi, ngati ina yonse. Ndikananama kuti unali ndi mng'alu, mukanatola wa mwana wa munthu wina, ndiye sindinama.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindinamuuze wina aliyense. Dzulo masana thupi litatentha kwambiri, Bilan anatsegula maso n'kukweza manja monga amachitira akafuna kunyamulidwa. Ine ndinali pambali pake. Iye sanakwezere manjawo kwa ine, anawakwezera kukhomo. Kukhomoko kunalibe munthu. Ndinatseka chitseko n'kukhala mochitsamira mpaka a Warfa atabwera, ndipo kutentha kwake kwa nyengo ino mukukudziwa.

A Warfa asiya kunena kuti ndi mwala chabe. Anapita kudoko kukafunsa ngati pali chombo chowoloka kuti abwere okha adzagwade ku Garbo, koma zombo zonse zili pamchenga, nyanja yatsekeka mpaka mphepo idzaleke. Ndinawakumbutsa kuti ngakhale akanafika, akanathera pachipata. Anakhala pansi n'kulira, munthu wamkulu. Ndawakhululukira, ndilibe mphamvu zosungira mkwiyo.

Kalatayi ikwera sitima yapamadzi ya makalata yopita ku Berbera, njira yozungulira, sindikudziwa kuti ikupezani liti, kapena kuti podzafika kuno kudzakhala kuli bwanji. Sindikudziwanso chimene ndikukupemphani. Amayi, inu ndi amene munanditengera kumeneko, inu ndi amene mumawadziwa malo aja. Chitanipo kanthu.

Mwana wanu,
Ladan


Zeila, 5 Julayi 1958

Ladan mwana wanga,

Ndine mayi ako ndikulankhula. Dirir wangogwira cholembera, ndipo ndamuuza kuti akawonjezera mawu ake ndimukoka khutu pamaso pa makasitomala ake, imvi zakezo zisamunamize.

Mtendere ukhale pa nyumba yako. Kalata yako ndaimva. Tsono tamvera. Za mwala zatha. Tinapita Lachinayi, dzina la Bilan lili pakhoma, kansalu kako kofiira kali pambali pake, ndakalowetsa ndi chala changa. Siti ndalankhula naye, tamvana. Usafunse zambiri, iwe kuyambira uli mwana mafunso ako ankathawitsa alendo.

Tsegula chitseko chimenecho, mwana apume mpweya. Palibe akubwera kudzamutenga. Umumwetse mkaka wa mbuzi wowiritsa pang'onopang'ono ndi supuni, ngakhale akane. Jakisoni wa dokotala musasiye, Mulungu amagwiritsa ntchito manja ambiri. Akayamba kufuna chakudya usamupatse tende msanga, uyambe ndi phala la mapira lamadzimadzi.

Mwamuna wako umusiye. Munthu wochita manyazi ndi nsanza pamalo opatulika ndi munthu woleredwa bwino, kungoti analeredwera kolakwika. Umuuze kuti bafuta wake anali wabwino, Dirir mpaka lero akumuyamikira. Koma tsiku lina akadzafuna kundigulira nsalu, ayambe wafunsa.

Ndolo zanga zasiliva zija, zomwe unkaziba uli mtsikana n'kumakana zili kukhutu, ndi za Bilan. Ndanena pamaso pa Dirir kuti mkazi wake asadzati sanamve. Mphika waukulu wamkuwa ndi wako. Usadabwe, nkhalamba ikakhala yopanda chochita nyengo yotentha imayamba kugawa katundu, ndi matenda athu.

Ine ndili bwino. Ndatopa pang'ono ndi ulendo, mphepo inali ngati yochokera m'ng'anjo ndipo bulu anali waulesi ngati mwini wake. Ndikupuma. Chimene ndikufuna ndi chimodzi: undilembere tsiku lomwe mwanayo adzaimirire n'kuyenda. Usachedwe nayo kalata imeneyo, ndikuidikira.

Mayi ako,
Timiro

Ndalemba monga anenera. Dirir.


Adeni, 30 Julayi 1958

Amayi anga, achimwene anga,

Mtendere, ndipo ulendo uno ndikunena ndi mtima wonse. Bilan wadzuka. Amayi, mdzukulu wanu wayenda.

Kutentha thupi kunatsika kalata yanu isanafike n'komwe, kumayambiriro kwa mwezi uno. Ndikukumbuka kuti linali Lachinayi chifukwa a Warfa anali atapita kukameta pokonzekera swala ya Lachisanu kumzikiti. Anatuluka thukuta mpaka mphasa kunyowa, anagona tulo tabwino, podzuka anandiyang'ana ine, ine mwini, n'kulira kulira kwa njala. Sindinamvepo nyimbo yokoma chotero. Wakhala wofooka masabata onsewa, miyendo ngati timitengo, n'chifukwa chake ndinadikira kulemba monga munanenera. Dzulo wagwira khoma, waimirira, wapita yekha pa ketulo ya tiyi yomwe ija. Kapu ina yaphwanyika, ndipo palibe wadandaula.

A Warfa akuti ndi jakisoni. Ine ndikuti anene zomwe akufuna. Uthenga wanu wa bafuta ndawauza, anaphimba nkhope ndi manja. Akuti nyanja ikatseguka tibwera tonse, adzakugwadireni okha, ndipo nsalu mudzasankha nokha m'sitolo.

Koma amayi, mwandiletsa kufunsa ndipo mukudziwa kuti sindingathe. Munaupeza bwanji mwalawo pakati pa miyala yonse ija? A Ebyan anavomera bwanji? Nanga za ndolo ndi mphika zabwera bwanji? Ndaiwerenga kalata yanu kambirimbiri, ikundiseketsa, koma ndikafika pamenepo ndimasiya kuseka.

Ndipo inu achimwene, chiyambire simunalembepo kalata ya mzere umodzi. Inu amene mumafotokoza ngakhale mtundu wa sizasi. Mwakwiya nane chifukwa cha mawu anga a mwezi wa Epulo? Ngati ndi choncho pepani, ndinali ngati wamisala. Ndilembereni bwinobwino, mundiuze ngati amayi apumula, ngati akudya, ngati munasamukira kumapiri kuthawa mphepo.

Bilan wagwira cholembera, mzere wokhotawu ndi moni wake kwa agogo.

Wanu,
Ladan


Zeila, 19 Sepitembala 1958

Mlongo wanga Ladan,

Mtendere ukhale nawe. Sindinakukwiyire. Anandiletsa kulemba, ndipo ndinalumbira. Tsopano nyanja yatseguka, a Saleh anyamuka mawa, ndipo ulendo uno kalata ndi phukusi ziyendera limodzi m'dzanja limodzi. Khala pansi, alamu akhale pafupi.

Mwala wa Bilan sitinaupeze. Udakali pamulu.

Kalata yako ya chikuku itafika, amayi anati tipite ku Garbo. Ndinakana. Ndinati m'mphepo yotentha ngati imeneyi ngakhale abusa sadutsa chigwa cha mchere. Iwo anati, "Ndiye tsala, telala, bulu njira akuidziwa." Ndikanatani? Tinanyamuka kusanatenthe, koma pofika pakati pa chigwa mchenga unali ukutimenya kumaso, madzi a m'thumba lachikopa atafunda ngati tiyi.

Ndinaima pachipata. Ndinkayembekeza kuti apita kumulu kukapapasanso, koma sanapiteko. Analunjika kukhoma, anagwada pa mwala wawo uja wam'munsi. Anasolola kansanza kawo kosuluka kamene agogo analowetsa pamenepo kalekale, n'kulowetsapo kansalu kako kofiira. A Ebyan anali atakhala pansi, atafunda mpango kumaso, osafuna kuona. Kenaka amayi anapita kuseri kwa chiliza, anamanga kansanza kawo pa mthethe pakati pa nsalu zoyera zija, anabwerera kumapazi kwa Siti n'kulankhula mokweza ngati akuitana munthu wogontha.

"Siti Nuriya, tamverani. Mwala uli pakhomawo kuyambira lero ndi Bilan mwana wa Ladan. Uja tinaika pamulu uja ndi Timiro mwana wa Gedi. Munandibwereka kalekale, ndakhalitsa. Ine sindivuta kulera, ndimadya ndekha, ndipo ana onsewa nokha simungawathe, ndidzakuthandizani kunyamula."

Ladan, ndinalowa. Ine mwamuna ndinadutsa chipata chija ndikuthamanga, a Ebyan akukuwa. Amayi anatembenuka n'kunena kuti, "Bwerera, usandichititse manyazi. Wachedwa kale."

Pobwerera anakomoka panjira, ndinawabereka kumsana mbali ina ya ulendo. Kalata ija anandilembetsa ali chigonere, akupumira pakati pa mawu, ndipo nthabwala zonse zija ankazinena maso ali otseka. Sanadzukenso bwinobwino. Kumapiri anakana kupita, ankati kalata yako ingadzawasowe. Shehe akuti ndi dzuwa la tsiku lija, munthu wa msinkhu wawo sakanapirira. Inenso ndimanena kuti ndi dzuwa. Ndimanena choncho kwa aliyense wondifunsa. Koma linali Lachinayi, Ladan, loyamba la mwezi wa Julayi, ndipo ku Garbo ine sindidzapondakonso.

Kalata yako inawapeza ali moyo. Ndinawawerengera kawiri osadumpha liwu. Anapempha kuti ndiike chala chawo pa mzere wokhota wa Bilan, anautsatira mpaka pothera. Anati, "Siti ndi munthu wosunga mawu ake." Kenaka anapempha tiyi, anamwa theka. Anatisiya m'mawa mwake, dzuwa litangotuluka, mkazi wanga atawagwira dzanja. Tinawaika pafupi ndi bambo.

Anandiuza kuti ndisakudziwitse mpaka mwana atalimba ndiponso nyanja itatseguka, kuti usalire uli kutali wopanda njira yobwerera. Anatinso usadziimbe mlandu, ndipo alamu asadziimbe mlandu, chifukwa palibe anawatuma. Bwerani ndi chombo cha a Saleh pobwerera, nyumba ilipo.

M'phukusili muli ndolo za Bilan ndi mpango wa amayi umene anavala tsiku lija. Ndazikulunga mu bafuta woyera. Nsaluyo ndadula ndekha, ndipo ulendo uno palibe walakwitsa.

Mchimwene wako,
Dirir